Dzina la Livingstone ndi tawuni ya Livingston: lipoti la kafukufuku wa makolo a banja lina

Mayi wina wa zaka za m'ma 60, amene anabadwira m'banja la a Livingstone, anabweretsa kwa wofufuza mbiri za mabanja mndandanda wa makolo umene wachibale wawo anaupeza pa intaneti. Anapempha zinthu ziwiri. Ankafuna kudziwa munda weniweni ku Livingston, m'chigawo cha West Lothian ku Scotland, kumene makolo awo ankakhala, popeza abale anali atayamba kale kusonkha ndalama za ulendo wokaona malowo. Ankafunanso kutsimikiza kuti chizindikiro cha pachishango cha a Livingston a ku Callendar, banja lolemekezeka lakale la ku Scotland, ndi cha banja lawo, kuti achizokote pamwala wa pamanda a bambo awo. Funso lakuti kodi banjali linachokeradi ku Livingston silinali m'pempholo n'komwe. Kwa iwo imeneyo inali nkhani yothaitha: dzina ndi lomwelo, malo ali pamapu, pangakhalenso chofunsa?

Dzinalo ndi malo ake

Livingston ili pakati pa Edinburgh ndi Glasgow, makilomita pafupifupi 25 kumadzulo kwa Edinburgh. Tawuni yaikulu imene mlendo amaiona lero ndi yatsopano, inakhazikitsidwa mu 1962. Mudzi wakale umene unapereka dzinalo ukadalipo, koma tawuniyo inaumeza. Dzina la mudziwo linachokera kwa munthu wotchedwa Leving, amene anali ndi malo kumeneko m'zaka za m'ma 1100, m'masiku a mfumu David I. Anthu ankati Levingstoun, kutanthauza mudzi kapena munda wa Leving. Chilembo cha s chili pakatipo chikusonyeza umwini, ndipo mawu otsirizawo ndi toun, osati stone. Ambiri, ngakhale eni dzina, amalimasulira kuti "mwala wamoyo". Kumasulira kumeneko n'kokoma m'khutu, makamaka kwa anthu opemphera, koma m'dzinali mulibe mwala.

Mbadwa za Leving zinayamba kutchedwa ndi dzina la mudzi wawo, ndipo nthambi imodzi, ya ku Callendar pafupi ndi Falkirk, inakwera kwambiri. Mu 1600 mtsogoleri wake anapatsidwa udindo wa Earl of Linlithgow, udindo umene banjalo linalandidwa chifukwa chotenga nawo mbali pa kuukira boma kwa mu 1715. Pambuyo pake dzinali linabwereranso kumalo, koma kudzera mwa anthu ena: tawuni ya Livingstone ku Zambia, imene inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndiponso mishoni ya Livingstonia, zinatchedwa potengera David Livingstone. Motero dzina limodzi layenda kuchoka pa munthu kupita pamalo, kuchoka pamalo kupita pabanja, n'kuchokanso pabanja kupita kumalo ena akutali. Wofufuza akaona dzina la banja likufanana ndi la malo ayenera kuyamba wadzifunsa kuti kodi dzinalo linkalowera kuti pa nthawi imene akufufuzayo.

Chilembo cha e chakumapeto sichithandiza kusiyanitsa mabanja. M'makaundula akale mlembi ankalemba mmene wamvera, ndipo munthu mmodzi yemweyo amapezeka ali Livingston pa ubatizo, Livingstone pa ukwati. David Livingstone mwiniwake ankasaina makalata ake oyambirira popanda e, n'kudzayamba kumuika m'zaka za m'ma 1850.

Zimene zinali m'manja

Mndandanda uja unali wooneka bwino, wa mibadwo isanu ndi inayi, wokathera pa a Livingston a ku Callendar. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati munali zinthu zitatu zokayikitsa. Amuna a mibadwo itatu yotsatizana analembedwa kuti anabadwira ku "Livingston, West Lothian" popanda tsiku la ubatizo kapena kaundula amene anatengamo zimenezo. Pamalo pamene mzere wa anthu wamba unkalumikizana ndi wa a ku Callendar, mayi wa mwanayo akanakhala ndi zaka zoposa 50 pobereka. Chachitatu sichinali papepala ayi, chinatuluka pocheza. Atafunsidwa zimene akuluakulu ankasimba, mayiwo anakumbukira kuti agogo awo aamuna ankati agogo awonso ankapemphera ndi kuimba masalimo m'chinenero chimene adzukulu sankachimva. Iwo ankaiona ngati nkhani yongosekera. Komatu ku West Lothian m'zaka za m'ma 1800 anthu wamba ankalankhula Scots ndi Chingerezi. Chinenero chimene mdzukulu wa ku Glasgow sakanachimva ndi Gaelic, ndipo kwawo kwa Gaelic ndi kumapiri a Highlands ndi kuzilumba za kumadzulo.

Apa panali pofunika kusankha poyambira. Njira imene mayiwo ankayembekezera inali yotsegula makaundula a parishi ya Livingston ndi ena oyandikana nayo n'kufunafuna dzinalo. Njirayi inakanidwa, ndipo chifukwa chake n'chofunika kwa aliyense wogwira ntchitoyi. Ukapita kumalo amene dzina linachokera n'kumafufuza anthu a dzina limenelo, umawapeza ndithu. Ukawapeza, mtima umafuna kuwalumikiza ndi munthu wako, ndipo zaka zikangoyandikana pang'ono umadzinamiza kuti watulukira. Choncho anagwirizana kuti mndandandawo uikidwe pambali, kafukufuku ayambire pa mayiwo n'kumabwerera m'mbuyo mbadwo umodzi umodzi, ndipo palibe mbadwo woti ulandiridwe popanda zikalata ziwiri zosadalirana zotchula makolo ake. Powerenga, mayiwo ndi mbadwo woyamba, bambo awo wachiwiri, agogo awo wachitatu.

Kubwerera m'mbuyo

Mibadwo inayi yoyamba sinavute. Ku Scotland boma linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa pa 1 January 1855, ndipo zithunzi za makaundulawo zimapezeka pa ScotlandsPeople, tsamba la National Records of Scotland. Ubwino wa zikalata za kumeneko ndi wakuti cha imfa chimatchula bambo ndi mayi a womwalirayo, pamodzi ndi dzina limene mayiyo anabadwa nalo, ndipo cha kubadwa, kuyambira 1861, chimatchula tsiku ndi malo a ukwati wa makolo. Chikalata chilichonse chimakulozera ku chinzake. Onse a mibadwo imeneyi anapezeka ku Glasgow ndi madera ozungulira, anthu ogwira ntchito zamanja. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ku West Lothian.

Pa mbadwo wachisanu m'pamene panali ntchito. Ku Glasgow kunali amuna awiri a dzina loyamba lofanana, onse a Livingstone, osiyana zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Mndandanda wa pa intaneti unali utawasakaniza, kutenga mkazi wa uyu ndi ana a uyo. Anawasiyanitsa ndi zinthu zitatu: dzina la mkazi monga linalembedwa pa chikalata cha kubadwa kwa mwana wa mbadwo wachinayi, ntchito ya mwamunayo m'makalembera otsatizana, ndi dzina la amayi ake pa chikalata chake cha imfa. Zaka zokha sizikanathandiza, pakuti anthu a nthawi imeneyo ankangoyerekeza zaka zawo, ndipo kusiyana kwa zaka ziwiri kapena zitatu pakati pa kalembera wina ndi wina si chinthu chachilendo.

Munthu wolondolayo atadziwika, kalembera wa 1891 anayankha funso la masalimo lija. Chaka chimenecho pepala la kalembera ku Scotland linali ndi danga losonyeza chinenero, ndipo pa dzina lake panalembedwa "G & E", kutanthauza kuti ankalankhula Gaelic ndi Chingerezi. Pa mayina a ana ake dangalo linali lopanda kanthu. Pa malo obadwira panalembedwa Lismore.

Apa pali msampha wina wofanana ndi woyamba uja. Lismore si imodzi. Ilipo ku County Waterford ku Ireland, ilipo ku New South Wales ku Australia, ndiponso chilipo chilumba chaching'ono cha Lismore mu Loch Linnhe, m'chigawo cha Argyll ku Scotland. Poti ku Glasgow kunali anthu ambiri ochokera ku Ireland, sikunali kwanzeru kungoganiza. Kalembera wa 1851 ndiye anathetsa nkhaniyi, chifukwa kwa obadwira m'dzikolo ankalemba chigawo ndi parishi, pamene kwa ochokera ku Ireland kawirikawiri ankangolemba dzina la dziko. Munthu uja, akadali mnyamata, anapezeka m'nyumba ya makolo ake, onse atalembedwa "Argyll, Lismore". Kalembera wa 1841 sakanathandiza motere: amangonena ngati munthu anabadwira m'chigawo chimene akukhalacho kapena ayi, ndipo zaka za anthu opitirira 15 ankazitsitsa kuti zithere pa 0 kapena 5.

Mwayi waukulu unali wakuti bambo a mbadwo wachisanu ndi chimodzi anamwalira mu 1855 mwenimweni. Zikalata za chaka chimenecho n'zonenepa kuposa za zaka zonse zotsatira, chifukwa boma linayamba ndi mafunso ambiri n'kudzawachepetsa mu 1856 litaona kuti alembi akulemedwa. Cha imfa cha 1855 chimatchula malo amene womwalirayo anabadwira, zaka zimene wakhala m'deralo, mkazi wake, ana ake ndi zaka zawo, ndi kumene waikidwa. Chikalatacho chinati Lismore, chinatchula makolo ake, ndipo mayina a ana anagwirizana ndi a m'kalembera wa 1851. Zaka zimene anakhala ku Glasgow zinasonyeza kuti banjali linasamuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840, nthawi imene matenda a mbatata, amene anafika ku Highlands mu 1846, anathamangitsa anthu ambiri kuzilumba. Aliyense wofufuza banja la ku Scotland ayenera kufunafuna wachibale aliyense amene anabadwa, kukwatira kapena kumwalira mu 1855, ngakhale akhale mlongo kapena mphwake wa khololo, chifukwa pepala limodzi la chaka chimenecho limatsegula mibadwo iwiri.

Kumene cholakwikacho chinachokera

Kudziwa yankho lolondola sikukwanira ngati banja likadali ndi mindandanda yambiri yonena zina. Wachibale uja anatsutsa kuti pa intaneti pali mindandanda yoposa khumi ndipo yonse ikuti Livingston. Wofufuza anaiika pamodzi yonse n'kuiyerekeza. Yonse inali ndi cholakwika chofanana pa kalembedwe ka dzina la mkazi mmodzi, chizindikiro chakuti inakoperedwa kuchokera pa umodzi. Pa umene unkaoneka kuti ndi woyamba, danga la malo obadwira la amuna atatu aja linali ndi mawu amodzi okha, "Livingston". Kufotokoza kosavuta ndi kwakuti wolembayo anabwereza dzina la banja m'danga la malo, kapena anangoganiza kuti ndi kwawo, ndipo mapulogalamu a pa kompyuta, amene amakonda kumalizitsa dzina la malo, anawonjezera okha "West Lothian, Scotland" pamene ena ankakopera. Mboni khumi zobwereza mawu a munthu mmodzi ndi mboni imodzi basi. Cholakwika cha mtundu umenewu chimagwera makamaka mayina amene ali a banja ndi a malo omwe, monga Hamilton, Douglas, Crawford kapena Ross, chifukwa kompyuta sikayikira mawu amene ili nawo kale pa mndandanda wa malo.

Anthu a pachilumba analitenga bwanji dzinali?

Funso limeneli ndi limene mayiwo anavutika nalo kwambiri, ndipo n'zomveka. Ku Lismore, Appin, Morvern ndi Mull kuli mabanja ambiri a Livingstone amene alibe chibale cha magazi ndi mbadwa za Leving. M'chinenero chawo ankatchedwa ndi dzina limene m'Chingerezi limalembedwa MacLea kapena MacOnlea. Akatswiri ena amalimasulira kuti Mac an Lèigh, mwana wa sing'anga, ena amati linafupikitsidwa kuchokera ku Mac Dhuinnshlèibhe, mwana wa Donn Slèibhe. Banja lawo lotsogola, la ku Bachuil pa Lismore pomwepo, ndilo limasunga ndodo ya Moluag Woyera, amene anakhazikitsa mpingo pachilumbapo n'kumwalira mu 592. Pamene Chingerezi chinayamba kulamulira m'makhoti, m'mipingo ndi m'mabuku a lendi, anthu olankhula Gaelic ambiri anatenga mayina a Chingerezi kapena a ku Lowlands, kuzigwa za ku Scotland, omveka moyandikana ndi awo. A MacLea anatenga Livingstone. Olemba mbiri amakonda kulumikiza zimenezi ndi James Livingston wa ku Skirling, amene mu 1641 mfumu Charles I inamubwereketsa malo a mpingo a ku Argyll, kuphatikizapo a ku Lismore. Munthu wamphamvu wa dzina limenelo atakhala mwini malo, kutenga dzina lake kunali ndi phindu.

Pano m'pamene mapepala anathera. Makaundula a maparishi ambiri a ku Highlands amayamba mochedwa, m'kati mwa zaka za m'ma 1700, ndipo ali ndi mipata. M'kaundula wa parishi ya Lismore ndi Appin munapezeka ubatizo wa bambo a mbadwo wachisanu ndi chimodzi, makolo ake ndi omwe aja a pa chikalata cha imfa, ndipo mayina a ana ankatsata mwambo wa ku Scotland wakuti mwana wamwamuna woyamba atchedwe dzina la agogo ake a kuchimuna. Koma m'busa anali atalemba kale Livingstone. Pepala losonyeza munthu wa m'banjali akusintha kuchoka pa MacLea silinapezeke, ndipo n'zoyembekezeka, popeza kusinthako kunachitika makaundula asanayambe. Panali chiyeso chachikulu choti mpatawo ungodzazidwa ndi mbiri ya fuko lonse, n'kulemba ngati kuti zatsimikizika. Kutero kukanakhala kubwereza tchimo la mndandanda woyamba uja, kungosintha malo.

Kuyeza DNA

Kuti mpatawo uchepe, anaganiza zoyeza Y-DNA, imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna monga mmene dzina la banja limayendera. Mkazi alibe Y, choncho mayiwo sakanayezedwa okha. Mchimwene wawo anavomera. Asanayezedwe anauzidwa momveka kuti zotsatira zikhoza kuonetsa kuti penapake pa mzerewo bambo wolembedwa si bambo wobereka, ndipo anafunsidwa ngati angafune kumva zoterozo. Sitepe imeneyi siyenera kudumphidwa. Anayamba ndi kuyeza kwa zizindikiro 37, ndipo ataona kuti pali ofanana nawo anakweza kufika pa 111, chifukwa pa 37 anthu achibale chakutali kwambiri amaoneka ngati apafupi.

Amuna amene anafanana naye kwambiri anali a Livingstone amene mizere yawo ya pamapepala imakathera ku Argyll, ndipo mmodzi anali ndi dzina la McLea. Zimenezi zinagwirizana ndi zikalata, chinenero ndi nkhani ya masalimo. DNA sitchula mudzi, sitchula dzina la kholo, ndipo sikanatha kulowa m'malo mwa makaundula. Inangotsimikiza kumene mapepala ankaloza kale.

Mchimweneyo atamva za Argyll anafunsa msanga ngati ndiye kuti ndi abale a David Livingstone. Funsoli limabwera pafupifupi nthawi zonse ndi dzinali. N'zoona kuti David Livingstone, amene anabadwira ku Blantyre m'chigawo cha Lanarkshire ku Scotland pa 19 March 1813, anali wa a Livingstone a ku Highlands: agogo ake anachoka pachilumba cha Ulva, m'mbali mwa Mull, mu 1792 kukagwira ntchito kufakitale ya thonje. Iyenso sanali wa ku Livingston. Koma a Livingstone a ku Argyll si onse a kholo limodzi, ndipo palibe chikalata chimene chinalumikiza banja la mayiwo ndi Ulva. M'lipoti munalembedwa kuti chibale chimenecho sichinapezeke, mwa mawu omwewo, kuti mbadwo wina usadzawerenge "mwina" n'kumusandutsa "inde".

Kuuza banja, ndi zimene zinatsatira

Lipoti lopita kubanja linagawa zopezazo m'magulu atatu. Zotsimikizika ndi zikalata: mzere wonse kuchokera kwa mayiwo kufika pa banja la ku Lismore lakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Zodalirika koma zopanda pepala lachindunji: kuti makolowo anali a MacLea asanatenge dzina la Livingstone. Zokanidwa: kubadwira ku West Lothian ndi chibale cha a ku Callendar. Pa chilichonse chokanidwa panaikidwa chithunzi cha chikalata chotsutsacho, osati mawu a wofufuza okha, chifukwa munthu amene wakhala zaka zambiri akunena kuti kwawo ndi ku Livingston sasiya chifukwa chongouzidwa.

Mayiwo poyamba anamva ngati alandidwa kanthu, mpaka anafunsa ngati dzina lawo ndi labodza. Yankho lake n'lakuti ayi. Banjali lagwiritsa ntchito dzinali pa ubatizo, pa ukwati ndi pamanda kwa zaka zoposa 200, ndipo ndi lawo monga mmene lilili la mbadwa za Leving. Chimene sichawo ndi mbiri ya mudzi umene dzinalo linayambira. Kusiyanitsa ziwirizi, dzina ndi chiyambi cha dzina, n'kumene kunawakhazika mtima pansi, ndipo ndi bwino kukonzekera kufotokoza zimenezi nthawi yopereka lipoti isanafike.

Nkhani ya chizindikiro cha pachishango inali yosavuta, ndipo yankho likanakhala lomwelo ngakhale akanapezeka kuti ndi a ku West Lothian. Ku Scotland chizindikiro chotere ndi cha munthu mmodzi, si cha aliyense wa dzinalo. Amene amayang'anira zimenezi ndi Lord Lyon, ndipo kaundula wake wa zizindikiro unayamba mu 1672. Kugwiritsa ntchito chizindikiro cha wina kumeneko ndi mlandu. Zimene ogulitsa amasindikiza pamakapu ndi pazikwangwani n'kumati ndi za banja lonse ndi malonda chabe. Pamwala wa bambo awo anazokotapo dzina ndi zaka zokha.

Ulendo sunathetsedwe, unangosintha kolowera. M'malo mwa Livingston banjalo linakonza zopita ku Oban n'kukwera sitima ya pamadzi yowolokera ku Achnacroish pa Lismore, litatenga dzina la kamudzi kamene kanalembedwa pa ubatizo uja. Wachibale amene anabweretsa mndandanda anakonza wake n'kulembera eni ake a ina ija. Ochepa anayankha, ndipo yambiri ikadali pa intaneti ikunena za West Lothian. Ntchito imene yatsala ndi kuona mabuku a lendi a eni malo a pachilumbacho, mmene alimi obwereka minda nthawi zina amalembedwa ndi dzina la bambo ndi la agogo awo m'kalembedwe ka Gaelic. Ngati dzina lakale la banjali lidzaonekere papepala, m'mabuku amenewo ndimo muli poyambira.